Ndege ya Bambo ndi Njere za Mpunga

Ndikukumbukira bwino mwezi wa Juni wa chaka chimene ndinali mu Sitandade 7. Kwathu ndi ku Kasinje, m'chigwa, kumene mpunga ndiye mbewu yaikulu. Nthawi imeneyo tinali titangomaliza kumweta, ndipo m'mudzi monse munkamveka kupuntha kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mankhusu ankauluka ndi mphepo n'kumatiyabwa m'khosi ndi m'mikono. Madzulo fungo la mpunga watsopano linkatuluka m'makhitchini monse, moti ngakhale agalu ankayenda monyada. Pakhomo pathu pokha ndi pamene kukolola kunabwera ndi mantha.

Bambo anga, a Ngozo, anali ku Joni, ku migodi. Anachoka ine ndili mu Sitandade 3, atanena kuti akakhala zaka ziwiri. Mlongo wanga Agnesi anabadwa iwo atapita kale, ndipo ankawadziwira pa chithunzi chimodzi chimene chinkakhala m'buku la mapemphero la mayi. Poyamba makalata ankabwera, nthawi zina pamodzi ndi bulangete kapena nsalu. Kenaka anasiya. Chaka chathunthu chinadutsa, china n'kuyamba, popanda ngakhale moni wapakamwa. Kwathu mwamuna wopita kunja n'kuiwala kwawo amatchedwa mtchona. Pamaso pa mayi palibe amene ankatchula mawuwo, koma ine kusukulu ndinkawamva, makamaka ndikamwetsa chigoli anzanga n'kupsa mtima.

Mayi anga, Nandau, kwawo kunali kumapiri, ku Biriwiri. Bambo anawatenga kudzakhala nawo kumudzi kwawo, zimene timati chitengwa. Choncho mayi anali mlendo pakati pa abale a mwamuna amene kunalibe. Mchimwene wawo wamkulu, malume a Ndau, ndiye anali mwini mbumba, kutanthauza kuti mlongo wawoyo ndi ife ana ake tinali m'manja mwawo. Sanali munthu woipa. Chaka china mvula itavuta, anatsika phiri kawiri atasenza chimanga pamutu kudzatipatsa. Koma anali munthu wa mawu amodzi. Pa Pasaka chaka chimenecho anabwera, nakhala pakhonde, nati: "Mlongo, ndapirira mokwanira. Mukangokolola mpunga, ndibwera kudzatenga mbumba yanga."

Ndinkadziwa tanthauzo lake ngakhale ndinali mwana. Mbumba ikabwerera kwawo motero, banja limakhala latha. Nyumba yathu ikanamangidwa chitseko ndi luzi, munda ukanapita kwa ena, ndipo bambo akanati abwere tsiku lina akanapeza bwinja. Malume anali atanena kale kuti akadzangotitenga, sadzamvera nkhoswe iliyonse.

Kalata inafika mpunga uli pa mkeka. Inadzera kusukulu, monga ankachitira makalata onse a m'mudzi mwathu, ndipo ndinathamanga nayo osadikira belu lowerukira. Mayi sankadziwa kuwerenga. Anapukuta manja, nakhala pansi pafupi ndi mtondo, ine n'kuyamba kuwerenga. Inali yaifupi. Bambo anapereka moni kwa aliyense pomutchula dzina, kenaka anati akubwera. Anati adzanyamuka ku Joni Lachinayi la sabata yachitatu ya Juni, 8 koloko m'mawa, ndipo anamva kuti ndege imatenga maola awiri okha kufika ku Chileka.

"Werenganso," anatero mayi. Ndinawerenganso. Anandibwerezetsa katatu. Kenaka anafunsa funso limene linandilowetsa m'mavuto: "Ndiye kuno afika nthawi yanji?"

M'kalatamo munalibe yankho. Koma ine ndinali nambala wani pa masamu m'kalasi mwathu, ndipo mutu unali utakula. Aphunzitsi athu, a Chimbalanga, anali atangotiphunzitsa masamu aja akuti ngati njinga iyenda mtunda wakuti pa ola limodzi, mtunda wina idzayenda nthawi yotani. Ndinauza mayi kuti asade nkhawa, mawa ndibwera nayo nthawi yeniyeni.

M'mawa mwake pa nthawi ya buleki ndinabwereka buku la mapu. Sukulu yonse inali ndi limodzi lokha, lachikuto chong'ambika, lonunkha fumbi ndi mphemvu. Ndinaliyala pansi pa mtengo wa mango n'kutsegula tsamba la kummwera kwa Afirika. Rula ndinalibe, koma m'thumba munali mpunga wosaphika umene tinkakonda kutafuna m'kalasi. Ndinasankha njere zosathyoka n'kuyamba kuzindandalika, mutu ndi mchira, kuchoka pa kadontho ka Joni kukafika pa kadontho ka Blantyre, kumene kuli bwalo la ndege la Chileka. Zinakwana njere khumi ndi ziwiri. Kuchoka pa Blantyre kufika pamene ndinaganiza kuti ndi kwathu, inakwana njere imodzi. Zotsalazo zinali zosavuta. Njere khumi ndi ziwiri, maola awiri. Njere imodzi, mphindi khumi. Ndinawerengera kawiri, yankho osasintha. Poti munthu wamkulu amayenera kupatsa anthu moni panjira, ndinawonjezera theka la ola mwa chifundo changa.

"Mphindi khumi?" anafunsa mayi madzulo ake. "Kuchokera ku Blantyre?"

"Mapu sanama, mayi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati, "Chabwino. Tingoti chakudya chamasana adzadyera kuno." Tsiku la msika anatuma uthenga kudzera kwa mayi wina wogulitsa kabichi wa ku Biriwiri, wakuti malume abwere Lachinayi adzalonjere okha mlamu wawo.

Sabata imeneyo nyumba yathu inasanduka ina. Mayi anazira pansi ndi dothi lakuda, m'mphepete mwa khonde n'kupakamo loyera. Anafulula thobwa mitsuko iwiri. Ine ndinasesa bwalo mpaka kumsewu wa ngolo, ndipo ndinalima kanjira kolowera pakhomo kuti kaoneke kotambasuka. Tambala wamkulu amene ankatidzutsa zaka zitatu anamangidwa mwendo. Uthenga unafalikira mudzi wonse, ndipo nthawi yake inafalikira pamodzi ndi dzina langa. Amayi kuchitsime ankati, "Wawerengera ndi Bene, mwana uja wa masamu." Ndinkamva kukoma, sindikana.

Malume anafika Lachitatu dzuwa likulowa, atavala jekete lawo lakuda la kutchalitchi, chibonga m'manja, kathumba ka mbatata ya kachewere paphewa. Anamvetsera kalata ija ndikuwawerengera. Anangogwedeza mutu pang'ono n'kupempha madzi osamba.

Lachinayi kunacha ndi kamphepo kozizira. Kusukulu sindinapite. Pofika 9 koloko bwalo linali litadzaza. Anabwera abale a bambo, amayi a kutchalitchi, ndi ena amene anangomva fungo la tambala. Azakhali anga, Anangozo, mlongo wamkulu wa bambo, anakhala pa mpando umene tinabwereka, atavala duku latsopano. Iwo ndi mayi sankamwerana madzi kwenikweni, koma tsiku limenelo anali kuseka limodzi. Wotchi inalipo imodzi, ya malume, ndipo ndinkapita kukasuzumira pamkono pawo mpaka anandiuza kuti ndiiwotcha ndi maso.

Cha m'ma 10 koloko mwana wina anakuwa: "Ndege! Ndege!" Tonse tinayang'ana kumwamba. Inalidi ndege, kakang'ono ngati udzudzu, ikusiya mzere woyera m'mbuyo. Ndinalengeza ndi mawu akulu kuti ndi imeneyo. Amayi anaimba nthungululu. Agnesi anaibayibitsa ndi manja onse awiri mpaka inabisika kuseri kwa mapiri. Palibe amene anafunsa chifukwa chake inkalowera kumpoto, pamene Chileka ili kummwera.

Theka la ola linatha. Ola linatha. Dzuwa linafika pamutu, mithunzi n'kulowa pansi pa mapazi athu. Aliyense woonekera kumsewu wa ngolo tinkamuimirira, koma ankakhala wogulitsa nkhuni kapena mnyamata wa ng'ombe. Mpunga unapsa, unazizira, mayi n'kuutenthetsanso. Cha m'ma 2 koloko Anangozo anati chakudya chisawonongeke, ndipo anthu anadya mwakachetechete ngati pamaliro. Atatha kudya anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense ndi chifukwa chake. Mkulu wina wokonda nthabwala anandisisita kumutu pochoka nati, "Bene, kapena ndege ija yaphonya siteji?" Anangozo anavula duku lawo latsopano, nalipinda, nauza mayi mokweza kuti, "Mwatisonkhanitsa mudzi wonse kuti tidzaone mphepo."

Mayi anadzuka. Anatsuka mbale zonse okha, osalola kuti wina awathandize. Ntchafu imodzi ya tambala anaibisa m'kapoto n'kuvindikira.

Lachisanu m'mawa malume anaitana mayi pakhonde. Sanakweze mawu. Anati makalata otere anawaonapo, munthu akagwidwa ndi manyazi tsiku limodzi amalemba kuti akubwera, mawa lake manyazi aja n'kutha. "Mlongo, ndadikira dzulo, ndidikiranso lero. Mawa kukacha tinyamuka. Mangani katundu." Mayi anati, "Ndamva, achimwene," ndipo analowa m'nyumba n'kuyamba kumanga mitolo. Sanalire. Zimenezo ndi zimene zinandiopsa kwambiri.

Ndinaona kuti zonse ndinaziwononga ndine. Ndikanapanda kutchula nthawi, mayi sakanaitana malume tsiku limenelo, ndipo mudzi sukanaona manyazi athu. Masana ndinapita kunyumba kwa a Chimbalanga. Ndinawapeza akukonza tcheni cha njinga, manja ali bii. Ndinawafotokozera za njere zija. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anatembenukira kumbali, mapewa awo n'kumagwedezeka, ndipo ndinazindikira kuti akuseka koma sakufuna kuti ndione.

"Samuyo wakhoza," anatero atapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. "Ndikanakuchongera. Koma ndani anakuuza kuti bambo ako akatsika ku Chileka amera mapiko?"

Anandikhazika pa njerwa n'kundifotokozera pang'onopang'ono. Maola awiriwo ndi a mumlengalenga, kuchoka pa bwalo lina kukatera pa bwalo lina, kumene kulibe mitsinje, matope kapena siteji. Munthu akatera pamakhala mapepala oti adinditse ndi katundu woti adikire. Akatero ayenera kupeza galimoto yopita m'tauni, kenaka sitima. Sitima yonyamula anthu yodzera kwathu sinkayenda tsiku lililonse, ndipo ya Lachinayi inkanyamuka m'mamawa, ndege ija isanatere n'komwe. "Yotsatira ifika pa siteshoni pathu mawa masana. Ngati anakweradi ndegeyo, akhala m'menemo. Koma usakanene kuti ndalonjeza. Ndipo ndege munaiimbira nthungululu ija inkapita ku Lilongwe."

Ndinathamangira kunyumba n'kukagwada pamaso pa malume. Ndinawapempha kuti tidikire mpaka sitima ya Loweruka masana. Anandiyang'ana kuchokera pansi pa chipewa chawo.

"Masamu enanso, mphwanga? Oyamba aja tadya kale tambala wake."

Anati ulendo wa ku Biriwiri ndi wokwera phiri tsiku lathunthu, ndipo ndi mwana wamng'ono ngati Agnesi sunganyamuke dzuwa litakwera. Anali kunena zoona. Mayi anali m'nyumba, chitseko chili chotsegula, akumanga mphasa ndi chingwe. Ndikudziwa kuti anamva zonse, koma sanatukule mutu.

Loweruka kunacha mitolo ili kale panja: zofunda, mapoto, lichero, ndi thumba la mpunga wambewu. Malume anali atavala jekete. Pamenepo mayi anatuluka, nagwada patali pang'ono monga mwa ulemu, nati:

"Achimwene, ine ndakonzeka. Koma pamudzi pano ndinalowa masana, anthu akuona. Sindingachoke ngati wakuba. Ndiloleni nditsazike."

Malume anali munthu wosunga mwambo, ndipo mayi ankadziwa zimenezo kuposa wina aliyense. Mkazi wa chitengwa akamachoka amatsazika abale a mwamuna khomo ndi khomo. Akapanda kutero, manyazi amagwera kwawo kumene anachokera. Malume anayang'ana dzuwa, limene linali lisanatuluke bwino, nati, "Ndi zoona. Koma mwachangu."

Makomo a abale a bambo analipo khumi ndi limodzi. Mayi anabereka Agnesi, ngakhale anali woyenda yekha, ine n'kumatsatira. Pakhomo loyamba anaodira, nadikira kuti awayalire mkeka, nakhala. Anapereka moni kwa aliyense payekhapayekha, mpaka ana. Anafunsa za chifuwa cha mwini nyumba ndi za mbuzi imene inathyoka mwendo. Kenaka anayamba kuthokoza. Anathokoza mchere umene anawagawira chaka chimene Agnesi anabadwa. Anathokoza khasu limene anabwereka, moto umene anapala, ndi mawu abwino amene wina ananena pa maliro ena. Mayi anga sanali olankhulalankhula, koma tsiku limenelo anakumbukira chilichonse chimene chinachitika m'zaka khumi ndi zisanu. Potuluka pakhomo lachitatu dzuwa linali litayamba kutentha m'khosi.

Malume ankatitsatira chapatali. Ankaima pansi pa mtengo, n'kuyang'ana wotchi, n'kukhosomola. Kulowerera sakanatha, chifukwa mwamuna sadula mawu a kutsazika. Pakhomo lachisanu ndi chimodzi anandikodola nandinong'oneza kuti, "Kawauze amako kuti Biriwiri sasendera." Ndinakanena. Mayi anayankha mokweza kuti amva, ndipo anapitiriza kufunsa mayi wa pakhomopo mmene amasungira nyemba kuti zisafumbwe.

Khomo lachisanu ndi chinayi linali la Anangozo. Apa ndinkayembekezera kuti sitichedwa, poti awiriwa analibe zambiri zothokozana. Azakhali anamvetsera mawu oyamba a mayi nkhope ili gwa. Kenaka anayang'ana malume pansi pa mtengo paja, anayang'ana dzuwa, nayang'ananso mayi. Ndinaona china chake chikusintha m'maso mwawo.

"Nandau," anatero, "munthu sachoka pamudzi anzake ali naye chakukhosi. Ine ndili nacho. Nkhani ya nkhuku zanu zija zinandithera mpunga pa mkeka, sitinaimalize."

"Nkhuku zimene zija sizinali zanga, alamu."

"Zinali za yani nanga? Yamawangamawanga ija?"

Nkhaniyo inali ya zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Anaifukula yonse. Anaitanitsa mboni, ndipo mboni ina inali kudimba, anachita kuitumira mwana. Atagwirizana za nkhuku, azakhali anakumbukira za mtsuko umene unasweka pa ukwati wina. Mawu ankakwera, n'kutsika, n'kukweranso. Anthu anasonkhana. Malume anavula jekete n'kukhala pa muzu. Nkhani zonse zitatha, Anangozo anati poti agwirizana, ayenera kumwera chikho chimodzi, ndipo anayamba kusonkha moto kuti aphike tiyi. Nkhuni anasankha zaziwisi.

Madzi a tiyi asanawire, sitima inalira kutali.

Sindinapemphe chilolezo kwa aliyense. Ndinathamanga kudutsa m'minda yomwetedwa, ziputu za mpunga zikundibaya kumapazi. Ndinafika pa siteshoni sitima ikungoima, ikununkha dizilo ndi chitsulo chotentha. Anatsika amayi a madengu, ana asukulu awiri a yunifolomu, ndi bambo wina wonyamula malata. Ndinayang'ana nkhope iliyonse, ndikuifanizira ndi chithunzi chija cha munthu wonenepa bwino, wa tsitsi logawa pambali. Panalibe. Anthu anabalalika. Ndinaima pamenepo ndikuganiza za mmene ndikayang'anire mayi.

Kumapeto kwa sitima, ku bogi ya katundu, kunali phokoso. Munthu wina wowonda, wa chipewa ndi chijasi chachitali, anali kukangana ndi anyamata otsitsa katundu. "Pang'onopang'ono! Limenelo si thumba la chimanga!" Anali kutsitsa bokosi lamatabwa. Munthuyo ankatsamira ndodo, ndipo poyenda ankakoka mwendo wakumanzere. Sitima itachoka anandiona nandiitana.

"Mnyamata, pano ngolo ingapezeke?"

Ndinati ingapezeke, kuseri kwa sitolo.

"Ndiwe mwana wa yani?"

"Wa a Ngozo. Ali ku Joni."

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Kenaka anavula chipewa, ngati akulowa m'tchalitchi. "Benedito," anatero. Ndinangowalandira kachikwama kamene kanali m'manja mwawo.

Tinalowa m'mudzi pa ngolo, bokosi lija lili pakati pathu. Ana anatiwona poyamba, kenaka nthungululu zinayambira kwa Anangozo n'kufalikira. Pofika pakhomo, chinthu choyamba chimene bambo anaona ndi mitolo ija ili panja, ndi malume ataima pambali pake, jekete pamkono. Bambo anamvetsa popanda wowauza. Anatsika movutikira, naika ndodo pansi, nakhala padothi pamaso pa mlamu wawo, mwendo wovulalawo atautambasula. Anafotokoza mwachidule. Mwala unawagwera pansi pa mgodi, ndipo anakhala miyezi yambiri m'chipatala. Mnzawo wa ku Nzama amene ankawalembera makalata anali atabwerera kumudzi, ndipo iwo anachita manyazi kuuza mlendo kuti alembe zoti a Ngozo apunduka. Za kuchedwa kwa masiku awiriwa, anati bokosi lawo silinabwere pa ndege imene anakwera, ndipo anakana kuchoka ku Blantyre popanda ilo. Munali makina osokera a mayi.

Malume anayang'ana mwendo uja. Kenaka anati, "Mlamu, ndege maola awiri, inu masiku atatu?"

"Ndege inandisiya ku Chileka, mlamu. Kuchokera pamenepo ndinabwerera kukhala munthu wa miyendo. Miyendo yakenso ndi umodzi ndi theka."

Wina anaseka kumbuyo, ena n'kutsatira. Malume sanaseke, koma anatambasula dzanja n'kuwadzutsa bambo. Atatero anatembenukira kwa ine. "Iwe wa masamu, masula mitoloyi." Mayi nthawi yonseyi anali atagwada pakhomo la khitchini, Agnesi atabisala kumbuyo kwawo. Anadikira amuna amalize, ndipo atabwera kudzapereka moni anangoti, "Mwayenda bwanji?" ngati munthu wochokera kumsika. Koma madzi amene anabweretsa m'chikho ankatayikira m'mbali. Agnesi anatenga sabata yathunthu asanavomere kukhala pamwendo pa bambo, ndipo kwa nthawi yaitali ankawatchula kuti abambo a ndege.

Malume anapemphera nafe Lamulungu, nakwera phiri Lolemba, okha, atasenza mpunga. Bambo sanabwererenso ku Joni.

Lero ndine munthu wa imvi. Ndege sindinakwerepo, koma ku Chileka ndafikako kawiri, kuperekeza mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito ku Joni komweko. Ulendowo ukadali wa maola awiri ndi mphindi zochepa. Zimene zinasintha ndi zapansi pano. Akakwera amandilembera pa foni kuti wakwera, akatera amalemba kuti watera, ndipo akachedwa pang'ono amatumiza chithunzi cha mzere umene waimapo. Kuchoka ku Blantyre kufika kwathu ndi ulendo wa tsiku lomwelo pa minibasi. Palibe amene amaphanso tambala chifukwa cha masamu a mwana. Ndi bwino choncho, sindikutsutsa. Koma kutsazika kwa khomo ndi khomo kunapita. Masiku ano munthu amasamuka pamudzi, anansi n'kudzamva ali kale ku Lilongwe. Nthawi zina ndimaganiza kuti zikanakhala lero, mayi sakanavutika ndi kudikira, komanso sakanakhala ndi pobisala kuti adikire.

Mayi atakalamba, bambo atatisiya kale, ndinawafunsa za masiku amenewo. Tinali pakhonde, iwo akusankha nyemba. Ndinayamba ndi kupepesa za mphindi khumi zija. Anaseka mpaka kukhosomola. Anati sitima anali atakwerapo ali mtsikana, ndipo ankadziwa bwino kuti munthu sachoka ku Blantyre n'kufika kwathu madzi asanawire. Koma mpunga unali utakololedwa, ndipo achimwene awo akanatha kutsika tsiku lililonse. Mayi ankafuna tsiku loti awapatse achimwenewo kuti adikire, ndipo ine ndinabwera nalo.

"Nanga sitima ija ikanabwera yopanda bambo, mukanatani?"

Anatola kanyemba kofumbwa n'kukaponyera nkhuku.

"Makomo anali atatsala awiri. Mawa lake linali Lamulungu, ndipo malume ako sankayenda ulendo Lamulungu. Lolemba ndikanadwala mutu." Anapitiriza kusankha nyemba. "Ndinali nditafunsa kale kwa akazi a aphunzitsi. Sitima ina inali ya Lachiwiri."